Xenoview, njira yojambulira mpweya m'mapapo: ntchito yake njabwino, koma kuno ku Chipata tisathamangire

MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, imawerenga madzi a m'thupi. M'mapapo madzi ndi ochepa, mwadzaza mpweya, n'chifukwa chake pachithunzi mapapo amangoda bii. Xenoview, ya kampani ya Polarean, yomwe bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linavomereza mu Disembala 2022, ndi mpweya wokonzedwa mwapadera, wotchedwa xenon-129, umene wodwala amakoka kuti uoneke pa MRI.

Xenon wamba saoneka pa MRI, ayenera kuyamba wakonzedwa ndi laser. M'botolo lagalasi muli rubidium pang'ono (mtundu wa chitsulo chofewa), amene amatenthetsedwa kupitirira madigiri 100 kuti atulutse nthunzi. Botololo limakhala m'kati mwa maginito ofooka. Kuwala kwa laser, kopotedwa kuti kuzizungulira mbali imodzi, kumachititsa ma electron (tizidutswa ta m'maatomu) a rubidium kuloza kumodzi. Kenako mumadutsa mpweya wosakaniza: pa magawo 100 alionse, xenon ndi gawo 1, nitrogen 10, helium 89. Maatomu akamagundana, rubidium amapatsira xenon kuloza kuja, ndipo imeneyi ndiyo mphamvu imene imachititsa xenon kuoneka pa MRI. Nitrogen sali mmenemo mongodzaza malo ayi. Amaletsa rubidium kubweza kuwala kumene kukanasokoneza anzake. Xenon akatuluka amaumitsidwa mu nitrogen wamadzi, wozizira madigiri 196 pansi pa ziro, kenako amasungunulidwa ndi madzi ofunda n'kuthiridwa m'thumba la pulasitiki yotchedwa Tedlar.

Apa m'pamene ntchito imaonongekera kawirikawiri. Kusungunula pang'onopang'ono kumataya mphamvu yambiri, chifukwa xenon amafooka msanga akatsala pang'ono kusungunuka, pamafunika changu. Botolo likatentha mopitirira, nthunzi ya rubidium imachuluka, kuwala konse kumathera kukamwa kwa botolo, kumbuyo n'kukhala mdima. Koma mdani wamkulu ndi okosijeni. Kampata kakang'ono papaipi kamaononga rubidium, ndipo thumba losatsukidwa bwino ndi nitrogen limapha xenon wodwala asanamukoke n'komwe.

Wodwala amavala koyilo yonga vesiti pachifuwa (chida chomvera xenon), amakoka mpweyawo n'kuugwira masekondi 10 mpaka 15. Akatsokomola pakati, basi, thumbalo lapita: kujambula komweko kumadya mphamvu ya xenon ndipo sibwereranso, mukonze lina. Ena amamva chizungulire kapena dzanzi pamilomo, mawu n'kukhala a besi kwa kanthawi. Zimatha zokha.

Chithunzicho n'chosiririka, tisanamizane. Pamene mpweya wafika pamawala, pamene sunafike pamada, ndipo dokotala amaona mbali yeniyeni imene yatsekeka mwa munthu wa mphumu kapena wa COPD (matenda okhalitsa otseka njira za mpweya). Mulibe cheza cha X-ray, choncho mutha kubwereza kujambula osadandaula. Ofufuza amaonanso xenon akulowa m'magazi, ngakhale chilolezo cha FDA chija chinali cha kayendedwe ka mpweya kokha.

Nanga kwathu kuno? Ofunika kuunikidwa mapapo alipo: anamaliza mankhwala a TB koma akupumabe movutikira, amayi amene akhala zaka akupuma utsi wa nkhuni ndi makala, osuta fodya. Koma xenon saona kachilombo ka TB; imeneyo ndi ntchito ya kuyeza makhololo ndi makina a GeneXpert. Ndiponso si MRI iliyonse imene imagwira ntchitoyi. Pa makina a 3 tesla (muyeso wa mphamvu ya maginito), hydrogen wa m'madzi a m'thupi amamveka cha pa 128 MHz pamene xenon ali cha pa 35 MHz, ndiye pafunika zida zoonjezera ndi koyilo yakeyake.

Wina angati, bwanji osakonzera mpweyawo ku Lusaka n'kuutumiza? Ulendo wa pa Great East Road ndi makilomita opitirira 500, ndipo thumba lisanafike ku Luangwa Bridge mphamvu imakhala itatsika kale kwambiri. Makina okonzerawo ayenera kukhala pafupi ndi MRI, pamodzi ndi nitrogen wamadzi wosadukiza, xenon wogula kunja, katswiri wa laser, ndi magetsi odalirika. Amene akukumbukira kuzimazima kwa 2024, madzi atachepa ku Kariba, akudziwa zimene tikunena.

Chipatala chonga Chipata Central kapena St Francis ku Katete chikanatifunsa, tikanati chiyambe chagula ma spirometer, aja wodwala amauziramo mpweya, n'kuphunzitsa manesi kuwagwiritsa ntchito. Spirometer siiloza malo otsekeka monga amachitira xenon, koma imauza dokotala ngati njira za mpweya zachepa, ndipo imakwana m'chikwama popita ku Lundazi kapena ku Chadiza.