Pangodya pa khitchini: mashelefu ozungulira, okoka, kapena kungotsekapo?

Aliyense wolowa m'khitchini mwanga amafunsa za kathabwa kopanda chitseko kamene kali pangodya, pafupi ndi chitofu. Ndatopa kufotokozera mmodzimmodzi, ndiye ndilembe kamodzi.

Makabati anga anazungulira makoma atatu, ngati chilembo cha U. Walira mvula walira matope: ukasankha U wasankhanso ngodya ziwiri, ndipo pangodya ndi pamene pamathera ndalama. Musanayambe n'komwe, tengani tepi. Kabati yapansi imadya masentimita 60 kuchokera kukhoma, mbali ziwiri ndi 120, ndipo pakati pamafunika enanso 120 kuti wina akawerama pa uvuni mnzake adutse. Ngati chipinda sichikwana masentimita 240 m'lifupi, U musiyeni.

Kumanzere ndinaika mashelefu ozungulira, aja amati lazy Susan. M'sitolo amakopa, ukangowakankha ndi chala mapoto akubwera okha. Kunyumba nkhani ndi ina. Amatenga pafupifupi masentimita 90 kukhoma lililonse, komanso chinthu chobulungira m'bokosi la ngodya zinayi chimasiya malo ongokhala. Chivindikiro chikatsetsereka n'kugwera kuseri, shelefu yonse imakana kuyenda. Pamenepo ugwade, ulowetse mkono mpaka paphewa, uzifufuza mumdima.

Okoka aja ndi abwinopo, sindikana. Odziwika kwambiri ndi LeMans a kampani ya ku Germany ya Kesseböhmer, amene anatengera dzina ku bwalo la mpikisano wa magalimoto la ku France chifukwa cha kupindika kwake. Shelefu iliyonse imanyamula makilogalamu 25 ndipo imatulukira panja yonse, moti mphika wakumapeto umautenga uli chilili. Koma ndi odula. Kabati wamba yongolowa mkati mwa ngodya ndi manda a ziwiya, sinditayirapo nthawi.

Tsopano za kathabwa kaja. Kumanja kalipentala anagunditsa madilowa pangodya penipeni, chitofu chili khoma linalo. Papepala zinkaoneka bwino, ngakhale sentimita imodzi sinatayike. Tsiku loyamba ndikukoka dilowa yapamwamba, inangotuluka pang'ono n'kumva gu! Yagunda chogwirira cha uvuni. Chogwiriracho chimatulukira kutsogolo masentimita angapo, ndipo palibe anachiwerengera, iye kapena ine. Safunsa anadya phula. Kwa miyezi iwiri ndinkayamba ndatsitsa chitseko cha uvuni kuti nditenge supuni, ngakhale uvuniwo ukutentha.

Nditamuitana anati vuto ndi chitofu changa. Pomaliza anachotsa madilowa onse, n'kupanga ena ocheperako, n'kuika thabwa la masentimita 7 pakati pa madilowa ndi ngodya. Ndinalipira kawiri ntchito imodzi, ndipo ndi zimene zimandiwawabe. Poyeza kachiwiriko tinapezanso kuti khomalo silili pa sikweya. Makoma ambiri sakhala pa madigiri 90 enieni, choncho thabwa lotere limabisanso kupotoka kumeneko. Muuzeni wokupangirani asiye mpata wa masentimita 5 mpaka 8 mbali zonse ziwiri za ngodya, ndipo ayeze kuchokera pa chogwirira, osati pa chitseko. Makina otsukira mbale musawaike pangodya: chitseko chake chikatsika chimatsekereza makabati a khoma linalo. Furiji nayonso ikagundana ndi khoma, chitseko sichitseguka mokwanira kuti mutulutse mabokosi apansi.

Njira imene ndinkainyoza poyamba ndi yongotseka ngodya yonse, osaikamo kanthu. Zimapweteka kuona bokosi la masentimita 60 mbali zonse likukhala lopanda ntchito, koma mulibe chitsulo choti chiwonongeke, ndipo madilowa a mbali zonse amakula. Ngati kuseri kwa mkono umodzi wa U kuli chipinda chodyera osati khoma, ikani chitseko kumeneko, malowo mwawapezanso.

Ndikanati ndiyambirenso, ngodya ya kuchitofu ndikanaitseka, inayo n'kuikamo okoka ngakhale nditasunga ndalama chaka chathunthu. Ozungulira ayi. Chivindikiro cha kapoto kanga kakang'ono chikadali kuseri kuja, ndipo ndaleka kuchifunafuna.