Ndemanga: galaja ina ya ku Chinamwali pa phokoso la ma valve a Corolla yakale

Nyenyezi zinayi mwa zisanu. Galimoto yake ndi Toyota Corolla AE100 ya injini ya 5A-FE, yomwe inkalira tchi-tchi-tchi pamwamba pa injini, phokoso n'kumathamanga mukaponda mafuta. Amakaniko ambiri muno mu Zomba akamva zotere amangoti ndi ma tappet (tizitsulo tokankha ma valve, omwe ndi timiniko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya mu injini), thirani oilo wokhuthala. Oilo wotero amangobisa phokoso. Apa sanathamangire zimenezo.

Makaniko wa pagalajayi anapempha kuti galimoto igone pomwepo, chifukwa mpata wa ma valve pa injini iyi umapimidwa itazizira. Koma isanazizire anamvetsera kaye ndi sikuludiraiva yaitali, nsonga pachitsulo, chogwirira pakhutu: pa tappet cover (chivundikiro cha pamwamba pa injini), pa injector iliyonse (kopopera mafuta mu injini), pa manifold ya ekizozi (paipi yotulutsa utsi mu injini), kenako m'munsi pa block (thunthu la injini). Ma injector amalira mwachibadwa, si vuto. Gasiketi ya manifold ikamatulutsa mpweya imanamiza anthu ambiri, koma iyo imamveka kwambiri m'mawa, imachepa injini ikatentha, ndipo imasiya mwaye wakuda pomwe ikutayira. Bearing ya con rod (chitsulo chogwira pisitoni) ikatha imagunda mozama, du-du-du, ndipo imatonthola mukazula waya wa pulagi wa silinda yomwe yavutayo. Phokoso la ma valve ndi lopyapyala ndipo limayenda theka la liwiro la injini, poti camshaft, shafiti yotsegula ma valve, imazungulira kamodzi crankshaft, shafiti yaikulu ya injini, ikazungulira kawiri.

Anapimanso mphamvu ya oilo ndi geji, injini ili yotentha. Pa 5A-FE isatsike 0.3 kg/cm² pa idle (injini ikulira osaponda mafuta), ndipo pa 3,000 rpm izikhala pakati pa 2.5 ndi 5.0. Inali bwino, kusonyeza kuti camshaft siikuuma.

M'mawa mwake anatsegula tappet cover, n'kuika silinda yoyamba pa TDC (pisitoni ili pamwamba penipeni), kupima ma valve asanu ndi atatu ndi feeler gauge (timalata topyapyala topimira mpata), kuzungulitsa crankshaft kamodzi, kupima otsalawo. Muyezo wake ndi 0.15 mpaka 0.25 mm ku intake (ma valve olowetsa mpweya), 0.25 mpaka 0.35 mm ku ekizozi. Manambala onse 16 anawalemba pa katoni. Valve ya ekizozi ya silinda yachitatu inali pa 0.45, yolirayo inali imeneyo. Koma chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi chakuti anapeza ina ya ekizozi pa silinda yachinayi ili pa 0.15. Valve yothina siilira ayi, ndiye yoopsa. Siikhala bwino pa mpando wake, siitaya kutentha, ndipo mukamakwera ku Ku Chawe pa giya yachiwiri imapsa m'mphepete, compression (mphamvu yopanikiza mpweya mu silinda) n'kuthawa. Womvera ndi khutu lokha akanaisiya.

Injini iyi ilibe sikulu yosinthira mpata, imagwiritsa ntchito ma shim, timandalama tachitsulo tokhala pamwamba pa bucket, kakapu kachitsulo kovundikira valve. Masamu ake ku ekizozi ndi awa: kukhuthala kwa shim yakale, kuphatikiza mpata womwe mwapeza, kuchotsa 0.30. Yolira ija inali ndi shim ya 2.80, ndiye inafunika ya 2.95. Yothinayo inali ndi 2.95, ikufuna 2.80. Anangozisinthanitsa, atazipima ndi micrometer, chida chopimira kukhuthala, chifukwa manambala a pansi pa shim amafufutika. Anayendetsanso chikhadabo pa mphuno za camshaft kuona ngati zakandika. Ikadyeka camshaft, shim yatsopano siithandiza kanthu.

Nyenyezi imodzi yachoka pa zifukwa izi. Alibe ma shim okwanira, moti ya valve ina ya intake anaitanitsa ku Limbe, galimoto n'kugonanso. Chachiwiri, ankafuna kubwezera gasiketi yakale ya cover atapaka silikoni wambiri. Musalole. Gulani yatsopano pamodzi ndi ma seal anayi a m'mabowo a mapulagi, apo ayi oilo azitsikira pa mapulagi, ndipo zotsala za silikoni zimakatseka sefa ya pampu ya oilo mu sump, mosungira oilo pansi pa injini. Komanso bwalo lawo ndi lafumbi, injini yotsegula ankangoiphimba ndi thumba.

Phokoso linatha, idle inakhazikika, ndipo oilo sakudontha. Mtengo wa ntchito ndi woyenera, ndipo amaunena asanagwire sipanala.

A Hilux ndi Hiace za dizilo za 3L kapena 5L, njira yake ndi yomweyi ya ma shim, koma muyezo ndi 0.20 mpaka 0.30 mm ku intake ndi 0.40 mpaka 0.50 mm ku ekizozi. Za petulo za 4Y zili ndi ma hydraulic lifter, ma tappet odzikonzera okha mpata ndi mphamvu ya oilo, omwe sasinthidwa mpata. Imeneyo ikamalira, yambani ndi oilo ndi fyuluta, ndipo ikapitiriza lifter yatha basi. Popita ku galaja ya ku Chinamwaliyi nyamulani gasiketi yanu, ndipo muwapatse masiku awiri.