Kukwera dau ku Nungwi, Zanzibar

Anzanga a ku Chipata amene mumapita ku Dar kukagula katundu ku Kariakoo, mukatumiza mabelo anu musathamangire kubwerera, wolokerani ku Zanzibar, pa boti ndi maola ngati awiri chabe, mukakwere dau yamadzulo ku Nungwi. Ndalama yake simudzaidandaula.

Dau ndi chombo chija chamatabwa cha Aluya chokhala ndi nsalu ya makona atatu, azungu amati dhow. Chachikulu chonyamula katundu Aswahili amachitcha jahazi, mawu omwe anabwera ndi Aluya ndi Aperezi. Ngalawa kumeneko si boti iliyonse ayi, ndi kabwato ka asodzi kokhala ndi mitengo uku ndi uku kuti kasagubuduke. Ku Nungwi dau amazikhoma pagombe pomwepo ndi manja, mutha kuima nkuonerera amisiri akusema.

Manje chenjerani apa. Ena amangotambasula nsalu kuti mujambule zithunzi koma chikuyendetsa ndi injini, phokoso ndi fungo la petulo ulendo wonse, ndiye funsani musanalipire. Wathu woyendetsa, kumeneko amati nahodha, titangochoka pagombe anazima injini, anyamata ake nkukoka zingwe, chombo nkupendekeka pang'ono nkuyamba kuthamanga ndi mphepo yokha, ine mtima unakhala pansi zoona. Anatifotokozeranso za kaskazi, mphepo yomwe inkabweretsa amalonda kuchokera ku Arabia ndi India cha mu December, ndi kusi yomwe inkawabweza kwawo.

Chimene sanatchule, ndipo chinandiwawa, ndi akapolo. Jumbe Salim bin Abdullah, wogulitsa akapolo uja, atakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, zombo zamtundu womwewu zinkawolotsa anthu athu pa nyanja ya Malawi, kenako ulendo wapansi mpaka ku Kilwa. Mchewa akakwera dau akuyenera kuidziwa nkhani imeneyi, ndipo oyendetsa alendo aziinena osati kumangoyimba ndi ng'oma.

Zipatso anatipatsa zabwino, chinanazi ndi mavwende. Majaketi oyandamitsa anali ochepa kuposa anthu, zimenezi sindinakondwe nazo chifukwa ambiri a ife kusambira sitidziwa, muwawerenge musanakwere. Mtengo woyamba omwe anyamata a pagombe angakuuzeni musavomere, nenererani ngati pa msika wa Kapata, ndipo mukakhala gulu amatsitsa.