Kiliniki ya ana yomwe inathandiza mwana wanga pa chotupa chofiira: nyenyezi zinayi

Ndalembera makolo anzanga a kuno ku Mzuzu amene mwana wawo watuluka kachotupa kofiira psuu atangobadwa kumene. Wanga ndi wamkazi, anabadwa masiku asanakwane, ndipo kake kanali mmunsi mwa diso. Tinapita naye ku kiliniki ina ya ana yolipira m'tauni muno.

Chimene ndayamikira kwambiri ndi adokotala ake. Asanalembe mankhwala anatikhazika pansi n'kutifotokozera kuti matendawa amatchedwa hemangioma, ndi timitsempha ta magazi tomwe tachulukana pamalo amodzi, si khansa. Amagwira kwambiri ana aakazi ndi obadwa osakwana masiku. Chotupacho chimakula mwamsanga m'miyezi yoyambirira, kenako chimayamba kuphwa chokha pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, n'chifukwa chake ana ambiri amangowayang'anira osawapatsa kanthu. Koma cha pafupi ndi diso sichidikiridwa, chifukwa chikatseka diso mwana angakule osaona bwino mbali imeneyo.

Agogo ake a mwanayu anali atakonza kale zokamutemera mphini ku Chibavi. Adokotala anati tiwabweretse, ndipo anawalankhula mwaulemu m'Chitumbuka: "Amama, apa ndi magazi okhaokha, mukacheka magazi atuluka ambiri ndipo padzakhala chilonda." Agogo anamva. Ine ndekha sindikanakwanitsa.

Mankhwala anali propranolol, omwe akuluakulu amamwa pa matenda a BP. Madokotala a ku Bordeaux m'dziko la France ndi amene anazindikira mu 2008 kuti amaphwetsa zotupa zoterezi. Tsiku loyamba anatisunga maola angapo akuyeza kagundidwe ka mtima. Anatichenjeza kuti tizimupatsa akangoyamwa, chifukwa amatha kutsitsa shuga m'thupi, ndipo akamasanza, akakana bere kapena pachifuwa pakamalira tisiye kaye n'kuwaimbira. Chotupa chinafewa n'kuyamba kuzilala mtundu pasanathe nthawi yaitali. Timanja ndi timapazi take tinkazizira, makamaka ndi chisanu cha Juni cha ku Mzuzu kuno, koma anali atatiuziratu.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha pogulitsira mankhwala pawo. Mankhwala amadzi a ana analibe, moti tinkachita kupera mapiritsi ndi kusungunula m'madzi, kumayeza ndi sirinji. Kwa khanda laling'ono chonchi mtima umakhala m'mwamba kuopa kupitirira muyezo, ndipo mlongo wa pawindo anangotifotokozera mothamanga mpaka tinabwerera kwa adokotala kuti atilembere papepala. Komanso mwana amayenera kukwera sikelo mwezi ndi mwezi kuti muyezo wa mankhwala ukwere limodzi ndi thupi, ndipo ulendo uliwonse timalipira ngati tabwera koyamba. Zimenezi aziganizire, pakuti mankhwalawa amamwedwa kwa miyezi yambiri.

Ngati chotupa cha mwana wanu chili pa diso, pamlomo, pamphuno kapena malo a thewera, kapena chayamba chilonda, pitani naye msanga chikadali chaching'ono.