PSR-SX900 patatha miyezi ikugwira ntchito: ma audio style ndi mapaki

Kiyibodi ya Yamaha PSR-SX900 idatuluka mu 2019, ndipo chimene chimakopa oimba ambiri muno mu Blantyre ndi ng'oma zenizeni zojambulidwa zomwe zimalira mu audio style, zoimbira zomwe kiyibodi imaliza yokha poperekeza woimba. Kamvekedwe kake sikakhumudwitsa ngakhale patapita miyezi ikulira m'tchalitchi ndi m'maukwati. Malire ake ndiwo amayamba kuonekera.

Mbali ya audio si MIDI, yomwe ndi malangizo chabe ouza kiyibodi manotsi oti ilize. Besi ndi gitala zimatsata chord ya dzanja lamanzere, koma ng'omazo zidajambulidwa kale, kiyibodi imangozikoka kapena kuzifinya kuti zigwirizane ndi tempo. Mukapitirira 160 peresenti ya tempo yoyambirira, zimangoti zii. Loop (kachidutswa ka ng'oma kobwerezabwereza) yojambulidwa pa tempo ya 80 imathera pa 128, ndiye kwaya ikatenthedwa n'kuyamba kuthamangitsa kolasi, samalani. Mukaichedwetsa kwambiri, kugunda kwa ng'oma kumafooka. Ngati mukupanga ma audio style anu ndi pulogalamu ya pa kompyuta ya Audio Phraser, kaya ndi manganje kaya beni, jambulani kawiri, ina yodekha ina yothamanga. Dziwaninso kuti mukajambula nyimbo ngati MIDI, ng'oma za audio sizilowamo. Jambulani ngati WAV, failo ya mawu enieni.

Audio Link Multi Pad, yomwe imaliza failo ya mawu mukadina batani, imalandira WAV ya 44.1 kHz, 16-bit, stereo. Padiyo sisunga mawu, imangoloza pomwe pali failo. Mukasintha dzina la foda kapena kuiwala flash kunyumba, batani silitulutsa kanthu.

Mutu umapweteka kwambiri pa mapaki, omwe ndi mawu ndi ma style oonjezera oika mu kiyibodi. Choyamba mutulutse failo ya .n27, yomwe ndi chizindikiro cha kiyibodi yanu, mu kiyibodi n'kuiika pa flash. Pa kompyuta muitsegule mu Yamaha Expansion Manager, musankhe mapaki, pulogalamuyo ikupangireni failo ya .ppi kapena .cpi yokaika mu kiyibodi. Malo a mapaki ndi 1 GB, pomwe kiyibodi inzake ya SX700 ili ndi 400 MB basi. Chimene chimapweteketsa ambiri ndi ichi: kuika paki yatsopano kumafufuta zonse zomwe zinalimo. Mapaki akale ndi atsopano ayenera kulowa limodzi mu failo imodzi. Wogula kiyibodi yogwiritsidwa kale ntchito afunse mafailo oyambirira a mapakiwo, a .ppf kapena .cpf, asanapereke ndalama, apo ayi tsiku loika paki ina mawu aja apita, ma registration (makonzedwe osungidwa pa mabatani) n'kumaitana voice yomwe kulibe. Paki yotetezedwa imamangiriridwa ku kiyibodi yomwe idapereka .n27, choncho ya mnzanu wa ku Ndirande sikalowa mu yanu ngakhale ndi SX900 yomweyo.

Kuikako kumatenga nthawi. Lumikizani kiyibodi ku UPS kapena invita, chifukwa magetsi akazima pakati muyenera kuyambiranso. Flash ikhale ya FAT32 ndipo ikhale yodalirika. Zotchipa zonama kukula kwake zimaononga mafailo akuluakulu mwakachetechete.

Za makiyibodi a Korg sizilowa mu SX900. Pa700 ndi Pa1000 zimasunga zinthu mu foda ya .SET, ndipo .STY yawo si .sty ya Yamaha ngakhale maina akufanana. Kumbali ya loop, Time Slice ya Korg imadula ng'oma m'tizidutswa toyendetsedwa ndi MIDI, ndipo pa nyimbo zosinthasintha tempo imandikhutiritsa kuposa audio style. Expansion Manager imalandira mafailo a REX, omwe ndi odulidwa chimodzimodzi, komanso SF2, mafailo a mawu a zida zoimbira. Chomwe Yamaha ndi Korg zonse zimawerenga ndi WAV, ndiye sungani ma WAV oyambirira malo awiri, tempo ndi key zitalembedwa m'dzina la failo iliyonse.