Makhadi a mafunso a Broadway aja, patha miyezi 8

Nditangogula kabokosi kamakhadi kaja ndinalonjeza kuti ndidzanenanso mmene akuyendera tikawagwiritsa ntchito kanthawi, ndiye pano patha miyezi 8. Kwa amene simunamve, ndi makhadi amafunso ndi mayankho okhudza zisudzo zoyimba za ku Broadway ku New York komanso anthu osewera mmenemo, ndinawapeza pa shopu ya kaunjika kuno ku Indiana pamtengo wochepa zedi. Timasewera Loweruka madzulo tikamaliza kudya, ine, mayi akunyumba ndi mwana wathu wamkazi amene ali mu kwaya kusukulu kwawo.

Makhadiwo ngolimba ndithu, m'mphepete mokha ndi momwe mwayamba kufutukuka, ndipo limodzi linagwera mu tiyi koma likuwerengekabe. Bokosi ndiye linang'ambika mwezi wachitatu, pano timamanga ndi labala.

Chomwe sindinkayembekezera ndi ichi, ine ndinkaganiza kuti ndizingogonja poti Broadway sindinapiteko, koma mafunso ambiri amakhudza anthu omwe takhala tikuwaonera pa TV zaka zambirimbiri osadziwa kuti ndi akatswiri oyimba. Tsiku lina mwana uja anakoka khadi nkufunsa kuti ndani anasewera Billy Flynn mu sewero la Chicago pomwe linkayamba mu 1975, yankho lake Jerry Orbach. Dzina silinandilowe mpaka atandionetsa chithunzi pa foni, ndinachita kudzuka pampando, eti ndi mdala uja wa CID wa mu Law & Order, Lennie Briscoe! Munthu ameneyu anapata mphoto ya Tony, yomwe amapatsa akatswiri a zisudzo za ku Broadway, mu 1969 ndi sewero la Promises, Promises, ife tikungomudziwa ngati wapolisi wankhope yotopa. Ndiye patapita masabata angapo kunatuluka khadi lina la Jesse L. Martin, mnzake yemwe ankafufuza naye milandu mu pulogalamu yomweyo, iyenso anali mgulu loyambirira la Rent mu 1996 ngati Tom Collins. Apolisi awiri mu galimoto imodzi onse oyimba. Usiku umenewo masewero anathera pomwepo, tinangokhalira kusakasaka mavidiyo awo mpaka mochedwa, mayi akunyumba akungoti koma abale mawu amenewa ankawabisa kuti.

Chimodzimodzi Angela Lansbury, gogo uja wa Murder, She Wrote, anali Mame mu 1966 komanso Mrs. Lovett mu Sweeney Todd mu 1979. Mandy Patinkin wa Homeland anawina Tony ndi Evita mu 1980. Apa ndi pomwe makhadiwa amandikomera kwambiri, sungoloweza dzina nkuiwala ayi, umapita kukamvera munthuyo akuyimba ndipo ukamuonanso pa TV umamuona mwina.

Vuto lilipo ndipo ndilinene. Makhadiwa anasindikizidwa kale ndiye mayankho ena anatha ntchito. Pali khadi lomwe limati The Phantom of the Opera ikuseweredwabe, pomwe inatsekedwa pa 16 April 2023 itachitika ka 13,981 kuchokera mu 1988. Mwana wanga anayankha zoona khadi nkumugonjetsa, analira ndithu, ndiye ndinatenga cholembera nkukonza pakhadipo. Tsopano tinagwirizana kuti pakakhala mkangano timayamba tafufuza kaye. Chinanso ukasewera miyezi ingapo mafunso amabwerezabwereza, aliyense mnyumba muno akudziwa tsopano kuti The Producers inatenga ma Tony 12 mu 2001 ndipo Hamilton inatenga 11 mu 2016, khadi limenelo likatuluka timangoliika pambali.

Koma chomwe chinandipweteka mtima kwenikweni ndi choti mbokosi monse mulibe funso ngakhale limodzi la Sarafina! Ndinasanthula khadi ndi khadi kawiri konse. Ambirife tinaidziwa Sarafina kudzera mu filimu ya 1992 ija, ine ndinaionera mu vidiyo sho titathithikana pabenchi, koma isanakhale filimu inali sewero la Mbongeni Ngema lomwe linatsegulidwa pa Broadway mu January 1988, sabata yomweyo yomwe Phantom inatsegulidwa, ndipo Leleti Khumalo ali mtsikana wamng'ono dzina lake linalowa mgulu la opikisana pa mphoto ya Tony. Leleti yemweyo tinadzamuonanso mu Generations ndi Uzalo, ndiye ngati nkhani ndi ya anthu ochoka pa siteji kupita pa TV iyeyu amayenera kukhalamo. The Lion King ilimo inde, amafunsa za Julie Taymor yemwe mu 1998 anakhala mzimayi woyamba kuwina Tony yotsogolera sewero loyimba, koma za woyimba wa ku South Africa Lebo M kapena Tsidii Le Loka wa ku Lesotho amene anali Rafiki woyamba palibe.

Ndiye tinadula makatoni a sopo molingana ndi makhadi enawo nkulemba mafunso athu, pano akwana 15. Mukawapeza motchipa gulani, makamaka ngati muli ndi ana okonda kuyimba, kungoti onani chaka chomwe anasindikiza komanso khalani ndi cholembera pafupi. Loweruka lapitali kunabwera anzake a mwana wanga awiri achizungu, linatuluka khadi lathu la Leleti, onse zii, ndipo iye anawakhazika pansi nkuyamba kuwafotokozera za ana asukulu a ku Soweto mu 1976.