Ulendo wa ku Constitution Hill: wotsogolera waluso, koma nkhani yake yasalala mopitirira

Loweruka lapitali ine ndi anzanga asanu a kumpingo, tonse Amalawi okhala ku Yeoville ndi ku Rosettenville, tinalipira kampani ina yaing'ono yoyendetsa alendo kuti ikationetse Constitution Hill, phiri la ndende zakale mumzinda wa Johannesburg, malo amene takhala tikuwadutsa pa takisi popita ku Braamfontein osadziwa zimene zili kuseri kwa makoma ake. Minibasi inafika pa nthawi yake ndipo inali yaukhondo. Otitsogolera anali mayi achikulire ndithu, olankhula modekha moti ngakhale mnzathu amene Chingerezi chimamuvuta sanatsalire m'mbuyo.

Luso lawo linaonekera ku Number Four, ndende imene munkatsekeredwa amuna akuda, ambiri a iwo chifukwa chosowa chiphaso chowaloleza kukhala m'tauni. Anationetsa momwe chakudya chinkagawidwira potengera khungu la mkaidi, ndiponso bwalo limene akaidi ankavulidwa n'kuwadumphitsa ali mbulanda powasecha, mchitidwe umene unkatchedwa tauza. Pamenepo tonse tinangoti zii. Anatifotokozeranso kuti Mahatma Gandhi anamangidwa mu 1908 atakana lamulo lokakamiza Amwenye kulembetsa, ndi kuti njira yake yokana malamulo oipa popanda chiwawa inabadwira mumzinda uno mu 1906, asanaitengere ku India. Nelson Mandela naye anasungidwapo paphiripa mu 1962, m'gawo lina lotchedwa Old Fort, ndipo ndendeyi inatsekedwa mu 1983.

Dandaulo langa loyamba ndi la nthawi. Kampaniyo inaphatikiza ulendowu ndi wa ku Soweto tsiku lomwelo, choncho ku ndende ya amayi tinangodutsa mothamanga, pamene m'menemo ndi momwe Albertina Sisulu ndi Winnie Mandela anatsekeredwa mu 1958 chifukwa chotsutsa ziphaso. Amayi awiri amene tinali nawo sanabise kukhumudwa kwawo.

Lachiwiri ndi lalikulu. Mayiwo anaiyala mbiri yonse ngati kuti anthu anayenda m'misewu mwamtendere, boma n'kuchita manyazi, tsankho n'kutha. Mkulu wina wa kumpingo kwathu anafunsa mwaulemu kuti, "Nanga mayi, za ku Sharpeville mukutipo chiyani?" Iwo anayankha mwachidule n'kutipititsa patsogolo. Komatu pa 21 Malichi 1960 apolisi anapha anthu osachepera 69 amene anasonkhana kumeneko opanda mfuti, boma linaletsa zipani zolimbana ndi tsankho za ANC ndi PAC, ndipo mu 1961 Mandela yemweyo anali m'gulu loyambitsa Umkhonto we Sizwe, nthambi ya ANC yomenya nkhondo ndi zida. Amayi pafupifupi 20,000 anaguba kupita ku Union Buildings ku Pretoria pa 9 Ogasiti 1956 potsutsa ziphaso, koma malamulo a ziphaso anadzathetsedwa mu 1986, patapita zaka 30, pamene sitalaka za ogwira ntchito, zipolowe za m'makomboni ndi zilango za chuma zochokera kumayiko akunja zinali zitalifooketsa kale boma. Ife Amalawi sitifunika kuuzidwa zimenezi, popeza zionetsero za pa 20 Julaye 2011 zinasiya maliro a anthu 20 osasintha kanthu msanga, pamene za mu 2019 zinabala zipatso chifukwa panali oweruza amene anathetsa zotsatira za chisankho pa 3 Febuluwale 2020.

Chondidabwitsa n'chakuti umboni wabwino koposa wa mfundo yawo unali pomwepo, koma sanautchule. Bungwe la Treatment Action Campaign, lomenyera kuti anthu amene ali ndi HIV azilandira mankhwala, linaguba, linaphunzitsa anthu m'zipatala ndi m'matchalitchi, kenako linapambana mlandu mu 2002 pamene khoti la malamulo aakulu a dziko linalamula boma kupereka mankhwala a nevirapine, oteteza mwana wobadwa kuti asatenge kachilombo, kwa amayi oyembekezera amene ali ndi HIV. Khoti lomwelo linasamukira paphiripa mu 2004, ndipo makoma ena a chipinda choweruzira anamangidwa ndi njerwa za ndende ya odikira milandu imene inagwetsedwa. Tinaloledwa kulowamo, ndipo ine ndinazigwira njerwazo.

Ndalama zathu sizinapite pachabe, ndipo ndingawasankhenso mayi omwewo. Amene akufuna kupita auze kampaniyo kuti za ku Soweto zikhale za tsiku lina, anyamuke m'mawa, avale nsapato zoyendera chifukwa pali zitunda ndi masitepe, ndipo akonzekere mafunso awoawo. Ife tagwirizana kubwereranso mwezi wamawa chifukwa cha ndende ya amayi yokha.